Njinga Imene Inatsala pa Mtengo wa Nimu

Njinga yoyamba ya amuna anga inabedwa pamsika wa pa Ulongwe dzuwa lili paliwombo. Anaitsamiritsa pakhoma la golosale n'kulowa kukagula mafuta a nyale, potuluka anangopeza mkukuluzi wa matayala pafumbi. Anabwerera wapansi, ndipo anatha masiku atatu osalankhula ndi munthu. Nthawi imeneyo ankaphunzitsa pasukulu ina ya pulaimale m'dera la Kalembo. Tinkakhala m'nyumba ya aphunzitsi ndi ana athu awiri, wamkulu wa zaka zisanu, wamng'ono akadali kumsana.

Patapita chaka ndi theka anagula ina, yakuda, ndipo analumbira kuti iyi yokha sipita. Timaloko ta m'sitolo anatikana, ankati wakuba amangotiphwanya ndi mwala. Anapita kwa mnzawo wina wogwira ntchito kunjanji ku Balaka, n'kubwerako ndi unyolo womangira katundu m'mabogi a sitima. Mphete iliyonse inali yonenepa ngati chala changa chachikulu. Loko wake anali ngati chibakera, wakale, wokhala ndi kiyi mmodzi yekha.

"Kodi abambo, mwagula ng'ombe?" ndinawafunsa nditauona.

"Sekani, amake mwana. Amene adzafune njinga iyi adzayambe wakadya kaye."

Ankauzunguliza pansi pa chishalo akamayenda, ndipo ankaumanga paliponse, ngakhale pamaliro, ngakhale pakhomo la tchalitchi. Aphunzitsi anzawo ankawaseka kuti unyolowo ukulemera kuposa mwini wake, pakuti amuna anga anali ochepa thupi. Ndinawapempha kangapo kuti akasulitse kiyi wachiwiri azikhala kunyumba. Ankangoti mawa.

Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala anakwera njinga kupita ku Balaka kukaponya kalata ndi kukatenga buluku lawo kwa telala. Sanabwere. Lamlungu lonse ndinakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu. Lolemba m'mawa ndinapita kwa ahedi a sukuluyo, munthu amene ankadya kwathu kawirikawiri. Anandilandirira panja, osandipatsa ndi mpando womwe.

"Ine sindikudziwapo kanthu, mayi. Ndipo musamabwere kuofesi kuno ana akuona."

Munthu akadwala kapena akagundidwa ndi galimoto anthu salankhula choncho.

Ndinasiya wamkuluyo kwa mayi wina wa m'mudzi wapafupi, n'kubereka wamng'ono, ulendo wapansi wa ku Balaka. Ndinafika dzuwa litakwera, mapazi akuwotcha. Sindinavutike kufunafuna. Kutsogolo kwa sitolo ina ya nsalu kunali mtengo wa nimu, ndipo njinga inali pomwepo, unyolo utadutsa m'felemu ndi m'tayala lakumbuyo n'kuzungulira mtengowo kawiri. Ndinaima n'kugwira chishalo. Chinali chotentha, chodzaza fumbi ndi zitosi za mbalame.

Pakhonde la sitoloyo, mumthunzi wa nimu yemweyo, pankakhala telala wachikulire wa kofiya yoyera ndi ndevu za imvi. Ndinamva akunena osadzutsa mutu, "Mama, chokani pamenepo. Bwerani mukhale apa ngati mwabweretsa chosoka."

Ndinakhala pansi. Atamva kalankhulidwe kanga anandifunsa m'Chiyao kuti kwathu n'kuti, ndinati kwa Kawinga. Anagwedeza mutu, n'kuyamba kupalasa makina mwamphamvu pansalu yopanda chosoka, kuti phokosolo liphimbe mawu.

Anandiuza kuti amuna anga anali atangotseka loko, akadali chiweramire, pamene panaima galimoto yopanda zolemba. Munatuluka amuna awiri, mmodzi atavala jekete kutentha konseko. Anawaitana ndi dzina, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tiyeni tikacheze pang'ono." Amuna anga anapisa dzanja m'thumba, ndipo atelalawo ankakhulupirira kuti ankafuna kuwaponyera kiyi, koma wa jekete uja anawagwira pamkono. Analowa m'galimoto osakokedwa. Anthu onse a pamsewupo anaona, ndipo aliyense anapitiriza zimene ankachita.

"Buluku lawo ndili nalo," anatero atelala. "Koma lero musatenge. Musachoke pano mutanyamula kanthu ka iwo."

Chifukwa chake sindinauzidwe ndi munthu aliyense, mpaka lero. Chimene ndimadziwa n'chakuti masabata angapo m'mbuyomo amuna anga anadandaula pamaso pa aphunzitsi anzawo kuti ana a sitandade eyiti akutha masiku akulambula msewu ndi kuyeserera magule a alendo aakulu, mayeso ali pakhomo. Anandiuza okha madzulo ake, akuseka, kuti m'chipindamo munangoti zii. Munali aphunzitsi asanu. Onse ndinkawadziwa, akazi awo ndinkatunga nawo madzi. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuwayika m'maganizo mmodzimmodzi, koma sindinapeze kuti amene anakawanenera anali uti.

Tsiku lomwelo ndinapita kuofesi ina imene ndinkaganiza kuti angandiuze kumene awapititsa. Ndinadikira pabenchi mpaka mwana anagona n'kudzuka. Bambo amene anandiitana m'kati sanalembe kalikonse. Anandifunsa kuti ndili ndi ana angati, nditayankha anati, "Ndiye pitani mukalere anawo. Mukamayendayenda m'maofesi, adzawalera ndani?"

Masiku amenewo munthu akatengedwa, dzina lake linkapita naye limodzi. Pasukulu palibe anatchulanso amuna anga. Kalasi lawo analipatsa wina. Akazi a aphunzitsi anasiya kudzapempha mchere ndi moto, ndipo ndikafika pachitsime ankapeza chifukwa chofulumirira. Mwana wanga wamkulu anayamba kusewera yekha kuseri kwa khitchini. Patapita milungu iwiri ahedi anatumiza kakalata kosasaina konena kuti nyumbayo ikufunika pakutha pa mwezi wotsatira.

Ndinkapita ku Balaka Lachiwiri lililonse. Ndinkanyamula kansalu kong'ambika kuti ndikhale ndi chifukwa chokhalira pakhonde la atelala, koma chimene ndinkapitira chinali njinga. Ndinkaganiza kuti tsiku lina ndidzapeza palibe, ndipo atelala adzandiuza kuti eni ake anabwera n'kutsekula okha, tasemphana panjira. Koma inali pomwepo, ndipo sabata iliyonse inkachepa. Woyamba kupita unali mpope. Kenako belu, kenako chishalo. Matayala anaphwa. Mvula yoyamba itagwa, dzimbiri linayamba m'masipoko. Tsiku lina ndinapeza tayala lakutsogolo palibe, njinga itagwada pansi ngati mbuzi yodwala. Akuba aja sankaopa zimene ankaopa anthu abwino. Unyolo wokha ndi umene anaulephera. Pa mphete ina panali timabala toyera pamene wina anayesa kucheka n'kusiya.

M'tauni munali mbiri yoti njingayo anaisiya dala, akufuna aone amene adzabwere kudzaitenga. Kaya zinali zoona, sindikudziwa. Koma anthu ankailambalala. Amayi ogulitsa zitumbuwa amene kale ankakhala pansi pa mtengowo anasamukira tsidya lina la msewu. Mwini sitolo, bambo wonenepa wa kolona m'khosi, anandipeza pakhonde tsiku lina n'kulankhula akuyang'ana kumwamba.

"Mayi, chitsulo chanucho chikundithamangitsira anthu. Mukapanda kuchichotsa mwezi uno, ndikauza oyenera adzachichotse okha."

Ndinapita kwa alamu anga, akulu awo a amuna anga, amene ankagwira ntchito ya ukalaliki ku Liwonde. Anandilowetsa m'nyumba mwamsanga n'kutseka chitseko, masanasana. Anandipatsa tiyi, analira, misozi yeniyeni. Koma za njinga anakana.

"Alamu, ine ndili ndi ana asanu ndi mmodzi pasukulu. Ndikakaonekera pamtengo paja, mawa ndine. Njinga n'chiyani? Isiyeni iwole."

Sindinawakwiyire tsikulo, ndinawakwiyira pambuyo pake. Koma ngakhale ine ndemwe sindinkafuna kwenikweni kuti ichoke. M'tauni monsemo chinali chinthu chokhacho chosonyeza kuti kunali munthu wotere, anabwera ndi miyendo yake, anamanga njinga yake akuganiza zobwerera. Ndinkaona ngati ndikaidula ndiye kuti ndavomereza kuti sabweranso.

Amene anabwera anali munthu amene sindinkamuyembekeza. Achimwene anga aakulu, mlimi wa mpunga kwathu kwa Kawinga, Msilamu wosadumpha swala, sanabwere ku ukwati wanga chifukwa ndinakwatiwa ndi Mkhristu, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri sanaponde pakhomo panga. Ndinangotumiza mawu kwa amayi kudzera mwa wogulitsa matemba, osaganiza kuti achimwenewo angamve. Ndinawaona akutsika panjira ya kusukulu m'mawa wina, atavala mkanjo wotuwa ndi fumbi. Sanatchule zakale. Anayang'ana m'nyumba, n'kuwerenga ndi maso mipando, mphasa ndi mapoto.

"Chemwali, mangani katundu. Tikupita kumudzi. China chatsala n'chiyani?"

Ndinawauza za njinga, ndi za mbiri imene inali m'tauni. Anatosa pansi ndi kamtengo.

"Ndi ya alamu?"

"Eya."

"Anaba?"

"Iyayi."

"Chambone, chabwino. Mawa tikatenga."

Tinafika ku Balaka cha m'ma naini. Tinayamba tapita kwa wokonza njinga wa kumsika kukamupempha kuti adzatithandize kudula. Atamva kuti ndi njinga iti, anapukusa mutu. Kenako anatenga sowo yodulira zitsulo, n'kuiika pansi pafupi ndi phazi la achimwene, iye n'kutembenukira kwina.

"Ine sindinakupatseni kanthu," anatero. "Mukatha mudzaiike pomwepo."

Achimwene anagwada pamtengo paja n'kuyamba kucheka. Phokoso lake linkamveka msewu wonse. Anthu anayamba kuima patalipatali, m'makonde a masitolo, ena akunamizira kumanga nsapato. Palibe anayandikira. Ine ndinaima nditabereka mwana, maso ali kumsewu. Galimoto iliyonse ikamachepetsa liwiro ndinkaiyang'anitsitsa mpaka itadutsa. Achimwene anacheka mpaka mkanjo unamatirira kumsana. Mano a sowo anatha, kenako inathyoka pakati. Pa unyolo panangolowa kamzere kosakwana ndi chikhadabo chomwe. Anayesa kumenya loko ndi mwala waukulu, mwalawo ndi umene unasweka.

Makina a atelala anaima.

"Achimwene," anaitana, ndipo ulendo uno sanabise mawu. "Chitsulo chimenecho simuchitha, n'cha kunjanji. Dulani mtengowo."

Achimwene anayang'ana mtengo, n'kuyang'ana khonde. Masana onse dzuwa la ku Balaka linkagwera mbali imeneyo, ndipo chotchinga chinali nimu yekhayo.

"Nanga mthunzi wanu, ambuje?"

"Dulani. Mlongo wanuyu wazunzika mokwanira."

Nkhwangwa tinabwereka kwa mayi wina wogulitsa nkhuni kuseri kwa sitolo. Mtengowo unali wonenepa ngati ntchafu ya munthu wamkulu. Achimwene anatchula dzina la Mulungu n'kuyamba kutema pamwamba pa unyolo, cha m'chiuno. Mwini sitolo anatuluka akukuwa kuti mtengowo anabzala ndi bambo ake, koma ataona khamu limene linkayang'ana anabwerera m'kati osamaliza mawu. Mtengo unagwera kumsewu, fumbi koboo, fungo lowawa la masamba ake lili ponseponse. Achimwene anakweza unyolo kuudutsitsa pamwamba pa chitsa, njinga n'kumasuka. Koma kuyenda sikanatha, pakuti unyolo unali udakagwira tayala lakumbuyo, lakutsogolo kulibe.

Ndinapita kukatsanzika atelala. Dzuwa linali litafika kale pamakina awo. Anakoka thumba la zidutswa za nsalu limene ankapondapo, n'kutulutsamo chishalo, belu ndi buluku la amuna anga lopindidwa bwino.

"Izi ndinachotsa ndine, ndinaona kuti zipita. Mpope ndi tayala akuba anandiyambirira."

Ndinagwada n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri, anthu onse aja akuona.

"Akadzabwera kudzafuna njinga yawo, mudzawauze kuti tili kwa Kawinga."

"Ndidzawauza, Mulungu akalola. Pitani, musachedwe pano."

Achimwene anasenza njingayo paphewa, unyolo ukulendewera n'kumawamenya m'nthiti, ndipo tinadutsa pakati pa tauni kupita kumene malole ankaima. Pamenepo panali achinyamata ofunsa makadi a chipani, monga mwa masiku onse. Mkulu wawo, bambo wamtali wa ndodo m'manja, anatiimitsa. Tinatulutsa makadi. Anawayang'ana, kenako anagogoda loko ndi ndodo yake.

"Njinga yokhoma chonchi mwaitenga kuti? Si yakuba imeneyi?"

Achimwene anatsegula pakamwa, koma ndinawayambirira.

"Ndi ya amuna anga."

"Amuna anuwo ali kuti? Kiyi ali kuti?"

"Kiyi ali nawo eni ake. Anachoka."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso njinga ija ndi masamba a nimu amene anakodwa m'masipoko. Ndinaona nkhope yake ikusintha. Anabwerera m'mbuyo phazi limodzi, n'kutibwezera makadi atawagwira kunsonga kwenikweni.

"Pitani," anatero. "Ine sindinakuoneni."

Kumudzi, unyolowo anaudula ndi bambo wina wosula makasu. Anafukiza mphete imodzi pamakala mpaka inafiira, n'kuitema ndi tchizulo. Motowo unawotcha utoto wa felemu, ndipo chipsera chake sichinachoke. Achimwene anapeza tayala lakutsogolo, n'kumanyamulira mpunga ndi nsomba za ku Chiuta. Njinga imeneyo ndi imene inatidyetsa ine ndi ana anga. Ndinabwerera ku khasu limene ndinkaganiza kuti ndinalisiya nditakwatiwa ndi mphunzitsi. Akazi ena a m'mudzi ankandinena, ena ankandibweretsera chinangwa osanena kanthu. Amayi ankandiuza kuti ndivomereze, ndichite sadaka, moyo upitirire. Ndinkakana.

Amuna anga anabwera patatha zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Ndinali kudimba, mwana wamkulu ndi amene anadzandiitana kuti kwabwera agogo ena akufuna madzi. Ndinawapeza atakhala pansi pa nkhokwe, miyendo yotupa ngati mitondo, mano awiri akutsogolo palibe, tsitsi la mbuu. Wamng'ono uja anathawa atawaona. Kumene anali sanandiuze bwinobwino. Ankangotchula nsabwe, ndi nyemba zofumbwa, ndi mnzawo wina amene anamwalira atatsamira paphewa pawo. Anawatulutsa monga momwe anawatengera, popanda chifukwa. Ntchito sanabwezeredwe. Njinga anaiyang'ana, anasisita pamene panapsa paja, n'kuuza achimwene kuti apitirize kuyendera. Miyendo yawo sinathenso kupalasa.

Ku Balaka sanadutseko pobwera, anangolunjika kwathu poganiza kuti ndilibe kwina kopita. Nditawafotokozera zonse, za sowo, za mtengo, za chishalo m'thumba la zidutswa, anati tiyenera kukathokoza atelala aja. Tinadikira mpaka atapezako mphamvu. Titakolola, ndinapeta mpunga wabwino n'kudzaza dengu, tinakwera basi.

Pakhonde paja panalibe makina. Panali mabokosi a sopo. Mtsikana amene ankagulitsa m'sitolo anati atelala amenewo sakuwadziwa. Mwini sitolo anatuluka, ndipo atazindikira amuna anga nkhope yake inagwa.

"Anapita kwawo kalekale," anatero, n'kulowanso m'kati.

Amene anatiuza anali mayi wa nkhuni uja. Anatitengera kuseri kwa mulu wa nkhuni zake n'kumalankhula akumanga mtolo. Anati patangotha sabata chidulireni mtengo, atelala anaitanidwa kukafunsidwa. Anakhalako masiku anayi. Atabwera sanauze munthu chimene anafunsidwa, koma ankayenda mokoka mwendo, ndipo dzanja lamanja linkanjenjemera moti ulusi ankachita kuwalowetsera ena. Anamaliza zovala zimene anthu anasiya, n'kuzibweza kwa eni ake, kenako anamanga makina awo m'chiguduli n'kukwera lole. Ena ankati anapita cha ku Namwera, ena ankati anawoloka malire.

"Nanga inu sanakufunseni za nkhwangwa?" ndinafunsa.

"Ndinaitaya m'chimbudzi tsiku lomwelo."

Ndinatula dengu kuti ndimupatse iyeyo mpungawo. Anayang'ana uku ndi uku, n'kukana ndi manja onse awiri.

"Iyayi, mama. Anthu adzafunsa kuti ndautenga kuti. Nyamulani."

Tinafunsa kumzikiti wa pafupi, tinafunsa atelala ena a kumsika. Onse ankawakumbukira, koma mudzi wawo palibe anautchula. Ine ndemwe, pa Lachiwiri lonse lija ndinkakhala pakhonde pawo, sindinawafunsepo kwawo, ngakhale za ana awo.

Tinakwera basi yobwerera, dengu lili pamiyendo panga. Tinawoloka Shire pa Liwonde. Kenako amuna anga analankhula motsitsa, maso ali pawindo.

"Mukanangoisiya njinga ija, amake mwana."

Ndinafuna kuwauza kuti ana awo anadya chifukwa cha njinga imeneyo, kuti wouza achimwene kudula mtengo anali atelala eni ake, kuti ine sindinapemphe. Koma m'basimo munali anthu, ndipo sindinadziwe amene wakhala kumbuyo kwathu. Titafika kumudzi sanayambitsenso nkhaniyo, inenso sindinaiyambitse. Anakhala nafe zaka zisanu ndi zinayi, akuphunzitsa ana a m'mudzi kuwerenga pansi pa mtengo wa mango, kwaulere, mpaka miyendo ija inawatenga.